Maliro a Nakadzuka

Padangotero, ndipo amene khutu lake lili kuno ayankhe kuti tili tonse.

Padali dziwe lina lotchedwa Nakadzuka, ndipo m'dziwemo munkakhala Nkhanu. Mukadafunsa nyama za kumtunda kuti dzinali lidachokera kuti, zikadangokuyang'anani kukamwa kuli yasa. Koma a m'madzi ankadziwa. Nakadzuka adali duwa, kakombo wa m'madzi amene sankamera kwina kulikonse koma pamenepo. Madzulo ankatseka maso n'kumira, m'mawa n'kutulukanso ali mbee, pakati pali psuu ngati khala la moto. N'chifukwa chake adamutcha Nakadzuka, wodzuka anzake akadali m'tulo. Masamba ake adali otakata moti mbalame inkaimapo osamira, ndipo pansi pamatope ankabereka timbatata takuda.

Chaka cha njala yaikulu nyama zonse zidatsikira m'dziwemo kukakumba timbatatato. Zidadya, zidapulumuka, koma zidakumba mpaka kotsiriza. Mvula itabwera, Nakadzuka sadadzukenso. Chidatsala ndi dzina lokha, ndi kanyimbo kamene achule ankaimba mitambo ikayamba kuda.

Nkhanu duwalo sadalione, ngakhale agogo ake sadalione, ndipo kunena zoona sikuti ankasowa nalo tulo. Iye adali mayi wa pakamwa, ndipo nkhani zake ankaziyendetsa monga ankayendera mwini wakeyo, cham'mbali. Chaka chimenecho adali ndi ana, tiana tosawerengeka tomata pansi pa chigoba chake, tosatha kuyenda tokha. Kudali chilimwe, ndipo madzi ena adali kutali.

Mwini dera adali a Gulupu Njati. Sadali munthu wankhanza ayi. Vuto lawo lidali lokonda kutamandidwa, ndipo pamaliro akaimirira kuti alankhule, anthu ankayamba kusaka mthunzi. A Gulupuwo adakwatira mkazi wachiwiri wokonda maungu, ndiye tsiku lina adalengeza pabwalo kuti dziwe la Nakadzuka likumbiridwe ngalande, madzi atuluke, pakhale dimba.

Nkhanu adakwawa mpaka pabwalopo.

"A Gulupu, nanga ana angawa ndipita nawo kuti?"

"Madzi ali ponseponse, iwe Nkhanu. Miyendo uli nayo yambiri kuposa tonsefe."

"Dzuwa limeneli? Tikafika titapsa kale, odya angothira mchere."

Bwalo lidaseka, a Gulupu adaseka nawo mpaka misozi. "Usadandaule. Maungu akapsa udzabwere, tidzakugawira."

Nkhanu adabwerera kudziwe. Mantha adamugwira zedi, chifukwa anawo ankawamva akutakasuka pamimba pake. Koma paja wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Atangofika adaitana achule onse.

"Mawa mudzaimbe nyimbo ya Nakadzuka. Koma mudzaiimbe mokoka, ngati ya pasiwa."

"Wamwalira ndani?" adafunsa mkulu wa achule.

"Nakadzuka."

"Aa, mayi, uja adapita kalekale!"

"Adamulira ndani? Adamuika ndani? Adameta ndani?"

Achule adayang'anana.

"Ndiye maliro akadali m'nyumba," adatero Nkhanu. "Konzani kukhosi."

M'mawa mwake kudabwera nduna ya a Gulupu, Nguluwe, amene dzina lake lolowa kwa makolo lidali Chakumbamadzi. Ntchito zonse zokumba zidali zake, poti khasu adabadwa nalo pamphuno. Adapeza Nkhanu atadzola matope kumaso, akubuma, achule atamuzungulira. Nyimbo ija inkayamba ndi mkulu wa achule yekha, akuitana dzina la duwalo monga mayi aitanira mwana wochedwa kumadzi. Anzake ankavomera chapansipansi kuti sadadzuke. Kenaka onse pamodzi ankafunsa kuti adadya ndani, n'kudziyankha okha kuti odyawo ali moyo. Idali nyimbo yoti ngakhale wodutsa ndi mtolo pamutu ankaima.

Nguluwe adagwada. "Pepanitu, uthenga sunandipeze. Watisiya ndani?"

"Fikani, a Nduna, fikani. Timadikira inu anamfedwa."

"Ine? Kwathu ndawasiya onse ali bwino."

"Dzina lanu ndani kodi?"

"Chakumbamadzi. Ndani salidziwa? Agogo anga ndiwo ankakumba zitsime dziko lonse lino."

"Tandilozerani chitsime chimodzi."

Nguluwe adayang'ana kum'mawa, adayang'ana kumadzulo. Chitsime padalibe.

"Agogo anu sadakumbepo chitsime, a Nduna. Adakumba muno, m'madzi mwenimwenimu. Chaka cha njala ana awo adawonda mpaka nthiti kuonekera. Iwo adamiza mutu m'matope, mpweya kuwathera, koma adatuluka ndi timbatata ta Nakadzuka pakamwa. Ana adadya. Mmodzi mwa anawo ndiye adabereka amayi anu. Dzina limene mumanyadiralo adawatcha tsiku limenelo."

Imeneyi idali yoona, ndipo mwana aliyense wa m'madzi ankaidziwa. Achule adaiika m'nyimbo pomwepo, dzina la Chakumbamadzi likumveka pakati pa odya aja. Nguluwe adakhala pansi thapsa, misozi ikutsikira pa khasu lake lija.

"Ndiye ine ndakhala ndikudzitama ndi zitsime za m'maloto, wondisunga ali m'matope muno wopanda womulira?"

"Maliro n'kulirana, a Nduna."

"Ngalande idikire. Maliro ali m'mudzi khasu siligwiridwa."

A Gulupu adadikira kumva madzi akuthamanga, koma kudali zii. Tsono adatuma phungu wawo, Kakowa, uja amakhala pamsana pawo n'kumawanong'oneza nzeru. Dzina lake lolowa lidali Phazilouma. Adabwera akunyamula miyendo m'mwamba, kuopa kudetsa zovala zake zoyera.

"A Nduna, a Gulupu akufunsa ngati mphuno yanu yathyoka."

"Khalani pansi, a Phungu, pano pali zovuta."

Achule adayamba. Mkulu wawo adaitana duwa, anzake adavomera kuti sadadzuke, onse adafunsa za odya, ndipo dzina la Nguluwe lidatuluka. Kakowa adapendeketsa mutu.

"Nyimbo yabwino. Koma za kudya matope ife sizitikhudza. Ife ndi a Phazilouma. Ndiye kuti banja lathu silidapondepo thope chiyambire, ntchito yathu ndi ya m'mutu."

"Ii, a Phungu, adakuuzani choncho?" adatero Nkhanu, akupukuta m'maso. "Achita bwino kukubisirani, n'zomvetsa chisoni."

"Kundibisira chiyani?"

"Ayi, zisiyeni. Mwavala zoyera."

"Nenani, mayi!"

"Chaka cha madzi osefukira chisa cha agogo anu chidakokoloka. Ana onse adapita ndi madzi, koma kamodzi kadagwera pa tsamba la Nakadzuka. Mphepo idawomba, mafunde adamenya, tsambalo osapendekeka. Madzulo Nakadzuka ankayenera kumira monga mwa masiku onse, koma adaona kamwanako n'kukhala pamwamba. Amake atakapeza adakagwira mapazi, n'kupeza ndi ouma gwa. Adalira, n'kukatcha Phazilouma. Kamwanako ndi kamene kadabereka nonsenu."

Apa ndikuuzeni, Nkhanu ankangodziwa kuti mbalame zinkaima pa masambawo. Kamwanako adachita kuthiramo yekha, monga mchere mu ndiwo. Koma adathira mokwanira bwino, moti achule adapeka ndime yake osavutika. Kakowa adalira mosamala, akuweramitsa mutu kuti misozi isagwere pa nthenga.

"Ndimadziwa ine kuti banja lathu lili ndi mbiri," adatero, n'kukhala pansi, pathope pomwepo.

Tsono a Gulupu adabwera okha, nthaka ikugwedezeka. Adapeza nduna yawo ndi phungu wawo atakhala pasiwa, mitu ili pansi.

"Chikuchitika n'chiyani pano? Maliro m'dera langa, ine osauzidwa?"

"Pepani, a Gulupu," adatero Nkhanu. "Tidaona kuti muli ndi ntchito ya dimba."

A Gulupu ankati akalipe, koma achule adayamba, ndipo munthu wokonda maliro sadula nyimbo pakati. Adamva duwa likuitanidwa. Adamva kuti sadadzuke. Adamva dzina la Chakumbamadzi, adamva la Phazilouma, ndipo adayamba kukonza khosi, kudikira lawo. Nyimbo idatha.

"Yathera pomwepo?"

"Pomwepo, a Gulupu."

"Imbaninso. Mwina mphepo inandilanda mawu."

Adaimbanso. Mphepo kudalibe, ndipo dzina lawo mudalibe.

"Iwe Nkhanu, ine mulibemo?"

"Mulibemo. Koma inu musavutike nazo. Awa ndi maliro a eni nthaka, amene makolo awo adali pano chaka cha njala. Obwera sitiwakakamiza. Ingoponyani chipepeso mukapumule. Tikaika, tikameta, mudzakumbe ngalande yanu."

Obwera! Mawu amenewo adawalasa a Gulupu kuposa mkondo. M'dziko limenelo munthu ankakhala mfumu chifukwa makolo ake ndiwo adayamba kufika. Tsono ngati nguluwe ndi akakowa adalipo chaka cha njala, njati kulibe, mpandowo ndi wa yani? Adayang'ana Nguluwe, n'kuona ngati wakhala motukula chifuwa. Adayang'ana Kakowa, n'kuona kuti sakuthamangira kukwera pamsana monga kale. Ndipo agwape ndi anyani amene adabwera kudzakhuza adali atayamba kunong'onezana.

"Mayi Nkhanu," adatero a Gulupu, ndipo "iwe" uja adali atathawa, "tafufuzani bwino m'mutu mwanumo."

"Mutu wake uti, a Gulupu? Simukuona kuti ndilibe ndi khosi lomwe?"

"Mwina agogo anga adadyako timbatatato."

"Njati idya udzu."

"Mwina adaimako pa tsamba."

Anyani adaseka mpaka kugwa chagada.

"Mayi, ndimeyo ndi yaifupi. Simungangoikamo kadzina kumapetoko?"

"Bodza pamaliro, a Gulupu? Ine ayi. Ndili ndi ana."

A Gulupu adatuluka thukuta. Nkhanu adawasiya kaye kuti apse bwino mbali zonse, monga achitira wowotcha chimanga. Ataona kuti maso afiira, adafunsa ngati wongocheza.

"Kodi dzina lanu lolowa ndani? Ife a m'madzi timangoti a Gulupu."

"Pondamozama."

Nkhanu adakuwa, n'kudzigwetsa chagada, miyendo yonse m'mwamba.

"Mayo ine! Pondamozama! Ndipo ife takukhazikani padzuwa! Bwanji osanena?"

"Aliyense amalidziwa! Ndiye kuti ndikaponda mdani sadzuka."

"Mdani wake uti? Tamverani, abale. Kalekale pano padalibe dziwe. Kudabwera njati yoyamba, dziko lisadakhale ndi mwini. Idaponda pano kamodzi, chiboda chidalowa mpaka m'bondo. Mvula idagwa, madzi adadzaza m'phazimo, ndipo m'madzi amenewo ndi mmene Nakadzuka adamera. Awa adadya, awa adanyamulidwa, koma wompatsa nyumba adali Pondamozama. A Gulupu, inu si namfedwa wamba. Ndinu mwini mbumba!"

"Nanga bwanji m'nyimbomo mulibe?"

"Ndime imeneyo siimbidwa wamba. Imadikira mwini wake atchule yekha dzina. Achule, tiyeni!"

Mkulu wa achule adatuzula maso. Ndime yotere sadaimvepo chibadwire. Koma Nkhanu adamupana kumwendo pansi pamadzi, ndipo mawu adatuluka okha, okwera kuposa masiku onse. Nthawi imeneyi nyimbo idayamba ndi phazi lolowa m'nthaka, idadutsa pa duwa lotuluka m'madzi, n'kudzafika pa funso lija la odya, ndipo povomera ngakhale anyani adalowamo. Dzina la Pondamozama lidamveka mpaka kumudzi.

A Gulupu adalira ngati mwana wang'ombe. Atatha adapukuta mphuno, n'kulanda maliro onse. Adatumiza uthenga kumidzi yonse, adalamula kuti afulule mowa, adakalipira anyani chifukwa chokhala mopanda ulemu pamaliro a mbumba yawo. Nkhanu adangodzikhalira pambali, ntchito ikuyenda yokha.

Ndipo chodabwitsa n'chakuti maliro aja adasanduka enieni. Nkhalamba zidayamba kukumbuka zimene zidamva kwa amayi awo. Wina adati fungo la duwalo linkafika kumudzi tambala asadatsike. Wina adati kamtsinje kotchedwa Mwatsala kadatchedwa choncho chifukwa opulumuka njala ija ankapatsana moni wotero akakumana pamenepo. Fulu wina wokalamba adati amake ankatchedwa Nambee, ndipo lero ndi pamene wadziwa kuti kuyera kwake kudali kwa yani. Aliyense adapeza kuti wakhala akuyenda ndi kachidutswa ka Nakadzuka pakamwa osadziwa. Nkhanu yemwe, amene adayamba zonsezi ndi misozi ya matope, adazindikira kuti akulira zenizeni. Adamva chisoni kuti chinthu chokoma chotere chidatha chifukwa chodyetsa ena, iye osachionako.

Tsiku loika, afisi amene adali adzukulu adabwera ndi funso.

"A Gulupu, tikumbe kuti? Ndipo mtembo uli kuti?"

Nkhanu adatseka pakamwa zolimba. Adadziwa kuti yankho limeneli likachokera kwa iye silikhala.

A Gulupu adaimirira, anthu n'kuyamba kusaka mthunzi. Adalankhula za agogo awo, za kulemera kwa chiboda chawo, za mtima wabwino wa banja la njati. Dzuwa litapendeka adafika pa funso lija.

"Mukufunsa mtembo? Ana inu! Nakadzuka adagona pamene adabadwira, m'phazi la agogo anga. Palibe chokumba. Manda ake ndi dziwe lino. Mwamva nonse?"

"Tamva!" lidayankha khamu lonse.

Adameta. A Gulupu, poti ndi mwini mbumba, adati awamete thupi lonse, ndipo mukaona njati yokalamba ubweya uli patalipatali, musafunse. Mowa udamwedwa, alendo adabalalika.

Kenaka mkazi wamng'ono uja adabwera ndi nthanga za maungu m'chikho.

"Bambo, maliro atha. Dimba lija?"

"Zoona. A Nduna, mawa ngalande."

Nguluwe adaponya maso pansi. "Pamanda, a Gulupu?"

"Manda ake ati?"

"Mudanena nokha," adatero Kakowa ali pamsana. "Dziko lonse lidamva. Ndipo munthu wolima pamanda a mbumba yake, inu mukudziwa dzina limene amamutcha."

A Gulupu adayamba kubzikula. Nzeru za njati zimayenda pang'onopang'ono, koma zimafika. Zitafika, adanyamuka okha, wopanda nduna wopanda phungu, mpaka padziwe.

"Mayi Nkhanu."

"Wawa, a Gulupu."

"Ndafunsa azakhali anga onse. Nkhani ya phazi ija palibe adaimvapo."

"Akalamba, amaiwala."

"Ndafunsa mkulu wa achule. Wangoti kukhosi kwamuuma."

"Waimba kwambiri masiku ano."

"Mayi, ndine mfumu. Ndiuzeni zoona."

Chiboda chawo chidali pafupi ndi chigoba chake, ndipo Nkhanu adaona kukula kwake. Ana adatakasuka pamimba. Adachita mantha, koma mbewa ya manyazi idafera kuuna.

"Duwalo lidalipo, a Gulupu, ndipo lidadyetsa dziko lino mpaka kutha. Pamenepo sindidawonjezere kanthu. Za phazizo, ngati zakukayikitsani, palibe chovuta. Achule ndi awa. Ndiwauze achotse ndime yanu, nyimbo izithera pa a Phazilouma monga poyamba. Mukatero palibe manda a mbumba yanu, ndipo mukumbe."

A Gulupu adatchera khutu. Kunjira kunkadutsa ana a agwape ochokera kotola nkhuni, ndipo ankaimba nyimbo ija, poti idali italowa kale m'midzi. Adafika pa phazi lolowa m'nthaka. Achule adavomera m'dziwemo. Dzina la Pondamozama lidakwera, lidatsika, lidakweranso, ndipo khutu la a Gulupu linkagwedezeka lokha motsata nyimboyo.

"Mayi, ndinu mfiti."

"Ndine mayi wa ana, a Gulupu."

A Gulupu adapumira m'mwamba, n'kubweza chiboda chija m'mbuyo.

"Isiyeni ndimeyo. Maungu akabzale kuchulu." Adayenda pang'ono, n'kutembenuka. "Koma muwauze achulewo aziikweza. Kumapeto kuja dzina silimveka bwino."

Nkhanu adadikira mpaka nthaka italeka kugwedezeka. Kenaka adalowa m'madzi, adatukula chigoba chake, ndipo tiana tija tidatsika kamodzikamodzi, n'kumwazikana m'matope, tonse tikuyenda cham'mbali ngati amawo.

Yathera pamenepa. Amene adaika mbatata pamoto akaphule, isadapserere.